Mayi Wolira wa Abusa Malizani

Vaileti wa kumpingo kwathu anafika pakhomo panga Lolemba m'mawa, chikwama cha zovala kumutu, mwana kumbuyo. Mwamuna wake Goodwin anali atamuthamangitsa.

Chinayambitsa ndi ulaliki wa dzulo lake. Abusa Malizani, a mpingo wathu wa ku Kawale, anatiuza kuti sabata yapitayo kunabwera mayi wina ku ofesi kwawo akulira, atavala chitenje chobiriwira. Mayiyo akuti anaulula kuti mwana amene wabereka kumbuyo si wa mwamuna wake, ndi wa kondakitala wa minibasi. Dzina abusa sanatchule. Koma Vaileti ali nacho chitenje chobiriwira, ndipo Lachitatu anapitadi kwa abusa kukalembetsa ubatizo wa mwana. Pomwe tinkaimba nyimbo yotsekera, mpingo wonse unali utagamula kale mlandu.

"Amayi, ine kondakitala sanandiuzepo china koposa 'sunthani, mayi'," anatero Vaileti.

"Ndamva. Pukuta nkhope, ukundinyowetsera mpando."

Ndinamuimbira Goodwin kumene amawotcherera zitsulo ku Biwi, ndi kumuuza kuti abwere msanga.

Mwana wanga Jemima amachita kafukufuku wa maulaliki a m'matauni kusukulu kwake ku Zomba. Kuyambira 2001 ndimamulembera ulaliki wa Lamulungu lililonse m'kope, kenako n'kuutayipa pa kompyuta yakale imene anandisiyira, poti ndinagwirapo ntchito yotayipa m'boma zaka makumi awiri. Zonse zili m'fayilo imodzi, tsiku pamwamba, ulaliki pansi. Pofika 2006 masamba anali atapitirira mazana asanu. Jemima anandionetsa mabatani awiri: ukawadina pamodzi pamatuluka kabokosi, ukalembamo mawu kompyuta imakufikitsa paliponse pamene mawuwo ali.

Goodwin anafika atavala ovolosi, nkhope itakwinyika.

"Amayi, nkhani za m'banja sizikambidwa pa kompyuta."

"Koma paguwa zimakambidwa? Khala apo. Ku Lilongwe kuno munabwera liti?"

"2004, kuchokera ku Mulanje."

"Mwanayu ali ndi miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi."

Ndinalemba mawu akuti kondakitala m'kabokosi muja. Kompyuta inalumphira ku Epulo 2002.

"Werenga wekha, sukulu unapita."

Anawerenga akulondola ndi chala. Sabata yapitayo kunabwera mayi akulira, mwana kumbuyo, chitenje chofiira. Ndinadinanso. Novembala 2002, chitenje cha maluwa. Ogasiti 2003, chachikasu. Mu 2005 mayi uja anabwera kawiri, ulendo wina nthawi ya Pasaka. Zonse pamodzi kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi zonse inali sabata yapitayo.

"Zaka zinayi akulira, mwana osatsika kumbuyo," ndinatero. "Ameneyo bwenzi pano ali ku nazale."

"Mwina ndi azimayi osiyanasiyana," anatero Goodwin, mawu atayamba kuchepa.

"Kondakitala mmodzi? Ndiye ndi munthu wolimbikira ntchito."

Ndinamuonetsanso china. Mayi aliyense mwa asanu ndi awiriwo anayamba ndi mawu amodzimodzi: abusa, mtima wanga ndi nyumba yodontha. Wa dzulo lake uja anateronso. Vaileti, amene amatukwana makala akakana kuyaka, sangalankhule chotero ngakhale mutamumenya.

Goodwin anakanda m'mutu, nayang'ana mkazi wake chamumbali.

"Amake mwana, tiyeni kunyumba. Ndi satana uja."

"Satana ndi amene anaponya zovala zanga panja anthu akuona? Munandichotsa pagulu, mudzanditenganso pagulu. Ndikhala konkuno mpaka Lamulungu."

Nyumba ndi yanga koma sanandifunse. Ndinamuyalira m'chipinda cha Jemima.

Lachiwiri ndinakopera masiku onse asanu ndi awiri papepala n'kupita nalo kwa abusa. Anavala magalasi, anavula, anavalanso.

"Mayi Gwanda, ili ndi fanizo chabe. Ngakhale Ambuye ankaphunzitsa m'mafanizo."

"Ambuye sankatchula mtundu wa chitenje. Fanizo lanu likugona kwathu ndi mwana, likudya ufa wanga. Mukonza nokha, kapena pepalali ndikawerenge ku msonkhano wa amayi Lachinayi?"

Anafunsa ngati m'kompyutamo muli zina. Ndinati muli mnyamata woledzera amene wafa pangozi kanayi.

Lamulungu abusa analengeza kuti mayi wa chitenje uja anali wa kumpingo wawo wakale, kutali kwambiri, ndipo anamwalira kalekale, mzimu wake uuse mumtendere. Anthu ena anayankha ameni mwachisoni. Kenako Goodwin anaimirira kutsogolo, suti yobwereka ikumuthina m'khwapa, napepesa mkazi wake mwachibwibwi, maso ali pansi. Atamaliza anapumira m'mwamba n'kuyamba kubwerera pampando.

"Maikolofoni inali yozima," anatero Vaileti ali pa benchi. "Yambiraninso."

Anayambiranso.