Chingwe cha Kumutu

Kuno ku Scotland bokosi la maliro limatsikira m'manda ndi zingwe zisanu ndi zitatu. Anandifotokozera zimenezi ndi mkulu wa kampani yoika maliro, Lolemba m'mawa, tili mu ofesi yake ku Springburn. Anandipatsa timakadi tisanu ndi titatu. Pa kakadi kalikonse anajambulapo bokosi ndi nambala yosonyeza poima munthu. Nambala wani ndi kumutu, thuu kumiyendo, zinazo m'mbali. Bokosilo kwenikweni amalitsitsa ndi antchito a kampani ndi malamba awo. Zingwezo n'zaulemu chabe.

"Koma chakumutu," anatero mkuluyo, "chimapita kwa amene anali pafupi kwambiri ndi malemu."

Mndandanda ndinali nawo kale m'chikwama. Achimwene anga a Thumbiko anausiya mwezi wathunthu asanamwalire. Anali atakhala ku Glasgow zaka khumi ndi chimodzi akuyendetsa basi, mpaka pamene matenda a mitsempha anayamba kuwalanda zala, kenako manja, kenako miyendo. Anakana zoti tidzawatumize kumudzi. "Musadzandikweze ndege ngati katundu," anatero. Amayi ku Kasungu analira sabata yathunthu, kenako anavomera.

Pa nambala wani panali dzina la Bruce.

Bruce anali mzungu wa konkuno, dalaivala mnzawo, amene ankakhala nawo nyumba imodzi ku Govan. Ine ndinkapitako Loweruka lokha, chifukwa sukulu yanga ya masamu inkandipanikiza, kapena ndi mmene ndinkadziuzira. Masiku enawo anali a Bruce. Anasintha mashifiti kuti m'mawa uliwonse aziwasambitsa, kuwameta ndevu ndi kuwamwetsa phala ndi kasipuni. Anaphunzira ngakhale kukazinga usipa, aneba n'kudandaula za fungo.

Analinso wa chipembedzo cha Satana, ndipo sankabisa. Tsiku lina ndinamufunsa tili m'chipinda cha achimwene.

"Ndiye mumamupembedzadi?"

"Ndimupembedze bwanji poti kulibe?" anatero akupinda matawulo. "Ife sitikhulupirira kuti kuli Satana, ngakhale Mulungu. Dzinalo tinangolitenga ngati chizindikiro cha munthu wofunsa mafunso, wokana kugwadira chinthu asanachimvetse."

"Nanga mukakumana mumatani?"

"Timakangana. Tikatopa timasonkhanitsa masokosi a anthu ogona panja."

Achimwene anaseka mpaka kutsamwa. "Tiwonge, Satana wa mzunguyu ndi waulesi. Wakwathu amagawa maminibasi ndi zigayo. Ine zaka zisanu ndi chimodzi ndikukhala naye, ngakhale njinga yakapalasa sinaoneke."

Kutatsala masabata atatu kuti achimwene atisiye, amayi a mvano a kumpingo kwathu anabwera kudzawaimbira. Ali pa ndime yachiwiri, Bruce anatuluka m'bafa atanyamula beseni, manja a shati atapinda. Pamkono pake panali chojambula cha nyenyezi yozondoka yokhala ndi mutu wa mbuzi pakati. Mayi Vainess, amene ankatsogolera nyimbo, anamufunsa tanthauzo lake. Bruce sadziwa kunama. Ndime yachitatu sinaimbidwe.

Kuchokera pamenepo nkhani inayenda yokha. Munthu wamphamvu zake, wosamwa, wosasuta, n'kumangouma ziwalo madokotala akuti mankhwala kulibe. Nanga akukhala ndi ndani? Yankho linafika ku Kasungu pa foni chikalata cha imfa chisanatuluke n'komwe.

Lachiwiri tinakhala siwa mu holo ya tchalitchi, chifukwa panalibe amene anafuna kuponda m'nyumba ya ku Govan. A Manasseh, mkulu wa mpingo, anandiitanira pambali. Ndi munthu wabwino. Ndi iwo amene anandichingamira pa bwalo la ndege nditangofika kuno. Anavala magalasi n'kuwerenga mndandandawo kawiri.

"Mwana wanga, analemba apa ndani?"

"Bruce. Achimwene ankanena, iye n'kumalemba. Manja anali atasiya kale kugwira ntchito."

"Ndiye kuti munthuyu anadzilemba yekha pa nambala wani."

"Ndinalipo ine, bambo. Anakana kawiri. Achimwene anamukalipira."

A Manasseh anapuma mozama. "Ine sindikunena kuti anamupha. Ndakhala kuno zaka makumi atatu, ndikudziwa kuti azungu ali ndi masewera awo. Koma Lachisanu mafoni adzakhala m'mwamba. Chithunzi chikakafika kumudzi, wa Sataniki atagwira mwana wawo kumutu, amayi ako akalowa bwanji m'tchalitchi? Adzakhala nawo pa benchi ndani? Ndipo akwaya anena kale. Akagwira chingwe, iwo saimba."

"Ndi zimene anafuna eni ake."

"Eni ake apita. Otsala ndi amene amamva zonena za anthu."

Lachitatu m'mawa amayi anaimba foni. Mawu awo anali atasasa. Azakhali, amene anali nawo kumudziko, anandinong'oneza pa foni yomweyo kuti papita masiku atatu asanaike kanthu m'kamwa.

"Tiwonge, ndili ndi mawu awiri okha," anatero amayi. "Ndamva za zingwezo. Cha kumutu umupatse Bruce. Thumbiko ankandiuza zonse. Ankati, amayi, mzungu uyu amandipukuta ngati khanda, sanyansidwa. Ine ndimamutchula dzina m'pemphero tsiku lililonse. Ndi mwana wanga ameneyo."

"Ndamva, amayi."

"Achiwiri ndi awa. Akuti kunali wa Sataniki wina amene ankazungulirazungulira pakhomopo. Ameneyo asakhudze bokosi. Ngakhale ndi chala. Wandimva?"

Achimwene anawauza theka la munthu, a Vainess n'kutumiza theka linalo lopanda dzina, ndipo amayi anapanga anthu awiri. Kuyambira ndili mwana ndimakonda mafunso ozunguza mutu. Achimwene ndi amene ankandibweretsera timabuku take kuchokera ku Lilongwe. Kusukulu anatiphunzitsa kuti funso likakhala ndi malamulo awiri otsutsana, umalemba kuti lilibe yankho n'kupita pa lotsatira. Koma maliro anali Lachisanu, ndipo lotsatira panalibe.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Ndinamva akutsokomola, azakhali akuwanyengerera kuti amweko madzi.

"Ndamva, amayi," ndinatero kachiwiri.

Lachinayi ndinatenga foni kanayi kuti ndimuimbire Bruce. Kanayi konse ndinaibweza m'thumba.

Lachisanu kunali kamvula kowaza kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyandama. Kumanda kunabwera anthu oposa zana, ena amene achimwene sanawaonepo chidwalireni. Bruce anafika yekha, atavala suti yakuda yomuthina m'mapewa, mabatani a m'manja atamanga onse. Anthu anamupatukira ngati akudutsa ndi moto. Anandigwira paphewa.

"Wadya kanthu, Tiwo?"

Ndinagwedeza mutu osamuyang'ana. Timakadi tisanu ndi tiwiri ndinali nditagawa kale pageti. Kamodzi kanali m'thumba la jasi langa, ndipo ndinkakafinya mpaka kanafewa ndi thukuta. Foni yanga ndinapatsa mtsikana wina wa kwaya kuti aziwaonetsa amayi.

Abusa atamaliza pemphero, mkulu wa kampani uja anaima kumutu kwa dzenje n'kuitana mofatsa.

"Chingwe nambala wani."

Bruce anaponya phazi limodzi kutsogolo. Ndinaliona. Nsapato yake inali yopolishidwa bwino, matope atayamba kale kuigwira. Ine ndinadutsa patsogolo pake n'kupereka kakadi. Mkuluyo sanadabwe, poti mlongo wa malemu kugwira kumutu si zachilendo. A Manasseh anaweramitsa mutu. Akwaya anayamba nyimbo.

Sindinacheuke, koma ndinamva phazi lija likubwerera pa miyala.

Chingwecho chinali chofewa, chakuda, chokhala ndi ngayaye kumapeto. Sichinalemere n'komwe. Nambala filii anagwira a Edmond, amene anabwera kudzazonda kamodzi kokha, n'kukhala pakhomo osavula chipewa. Bokosi litafika pansi anatiuza kuti tiponye zingwe. Changa chinagwera pa dzina la achimwene lolembedwa pabokosipo n'kuphimba theka lake.

Mtsikana uja anandibwezera foni. "Pepani asisi, netiweki ya kumudzi inaduka abusa akupemphera. Sanaone chilichonse."

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali amayi, nkhope yawo ikudukaduka pagalasi.

"Mwamuika?"

"Tamuika, amayi."

"Ndionetse Bruce."

Anali ataima patali, pafupi ndi mpanda wa miyala, kumene kunalibe munthu wina. Ndinayenda kupita komweko, maso a anthu ali pamsana panga. Nditamulozetsa foni, amayi anapereka yawo kwa azakhali. Kenako anagwada pa simenti ya pakhonde pathu, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Umuuze kuti manja akewo Mulungu awadalitse."

Ndinamasulira. Bruce anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Uwauze kuti Thumbiko sanali wovuta. Vuto lake linali madzi basi. Akangozizira pang'ono, ankandinena kuti ndikufuna kumupha."

Amayi anaseka akulira. "Kuyambira ali mwana ameneyo! Ankathawa bafa ali mbulanda mpaka kumsewu." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Umufunse, chingwe chija sichinamulemere?"

Ndinatembenukira kwa Bruce.

"Akuti chiyani?" anafunsa Bruce.

Ndikanatha kupeka funso lina. Iye Chichewa chake chinathera pa usipa ndi zikomo. Koma ndinamasulira mawu onse monga anawanenera. Anandiyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo ndikanakonda ukanakhalamo.

"Uwauze kuti ndamunyamula miyezi isanu ndi iwiri," anatero. "Sanandilemerepo tsiku ndi limodzi lomwe."

Amayi anaombanso m'manja. Kenako anasendeza nkhope pafupi ndi foni n'kutsitsa mawu.

"Nanga wa Sataniki uja?"

Liwu limenelo silinafunike womasulira. Ndinaona Bruce akukoka dzanja la jekete kuti litsike, ngakhale kuti linali lotsika kale.

"Sanakhudze bokosi, amayi."

"Mulungu alemekezeke. Tsopano ndikhoza kudya."

Foni itaduka tinaima awiriwiri, kamvula kakutinyowetsa. Kumbuyo kwathu akwaya anali pa ndime yomaliza, ndipo ankaimba bwino kwambiri.

"Bruce, ndimafuna kukuimbirani dzulo."

"Ndikudziwa." Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wa achimwene, uja wokhala ndi kabasi kapulasitiki. "Katundu wake ndalongedza. Makina ometera ndasunga ine, ngati sukudandaula. Udzabwere Lachiwiri, ndidzakhala kuntchito tsiku lonse. Anthu ako akhoza kulowa osaopa."

Anandipatsa kiyiyo n'kutuluka pa kageti kakang'ono ka m'mbali. Mayi Vainess anabwera kudzandifunditsa chitenje, akunena kuti ndalimba mtima, achimwene akananyadira. Pamwamba pa mpanda ndinkaona mutu wa Bruce pa siteji ya basi. Basi yoyamba inaima, dalaivala n'kumuimbira hutala poti ndi mnzawo wa kuntchito. Sanakwere. Inabwera yachiwiri, sanakwerenso. Anadikira mpaka antchito atayamba kukwirira dzenje.