Dzina la Kunyumba

Kalata ya ku yunivesite inali yaifupi ngati mchira wa mbuzi. Inati laputopu imene malemu ankagwiritsa ntchito ibwezedwe Lolemba, zonse za m'katimo zifufutidwe, apatsidwe mphunzitsi wina. Munthu wawagwirira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu, iwo akuti afufutidwe ngati choko pabolodi.

Mkazi wa malemuyo anayesa kuitsegula, koma inkafuna pasiwedi. Analemba dzina lake, inakana. Analemba mayina a ana onse atatu, inakananso. Iye sankafuna nzeru za m'menemo ayi. Ankangodziwa kuti muli mawu a amuna ake, poti moyo wawo wonse unathera pa kujambula anthu akuyankhula, ndipo pa foni yake panalibe ngakhale moni wawo mmodzi.

Loweruka anakulunga laputopuyo m'thaulo n'kupita ku msonkhano umene malemu ankapitako chaka ndi chaka. Kunkakumana anthu ofufuza zilankhulo, nyimbo ndi mbiri yakale pogwiritsa ntchito makompyuta. Malemu ankaunyadira kuti ulibe wapampando, ulibe mlendo wolemekezeka, aliyense amabwera ndi nkhani yake. Kasanu konse anamupempha kuti apitire limodzi. Kasanu konse anawayankha chimodzimodzi: "Ine wa Sitandade Sikisi ndikatani kumeneko? Mukufuna anzanu a madigiri akatsukire mano pa ine?"

Anafika nayini isanakwane, m'chipinda chapamwamba pa laibulale. Mipando inali mbwee, mawaya ali pansi ngati mizu. Pakhoma anthu ankamata timapepala tachikasu, ena n'kumachongapo ndi bolopeni. Mayiyo anakhala pampando wa kuseri kwa chitseko, thaulo pamiyendo, kudikira kuti wamkulu wa pamalopo amulandire ndi kumufunsa chimene wadzera. Munthu woleredwa bwino salankhula pagulu asanapatsidwe mpata.

Palibe anamufunsa. Ankangomumwetulira n'kudutsa. Kagulu kena kanakambirana za makalata akale ojambulidwa ndi makina, kena za mapu. Bambo wina ali m'kati mofotokoza, anthu awiri ananyamuka n'kutuluka osatsanzika, iye osadandaula n'komwe. Mwano wake umenewo, ndipo awa ndi amene amaphunzitsa ana a eni. Tiyi anabwera, anapita. Nkhomaliro inabwera, mayiyo anakana, poti sanaitanidwe. Dzuwa linachoka pawindo lina n'kupita pawindo lina.

Itakwana fili koloko, bambo wadazi amene ananyamula nawo bokosi pamaliro anamuzindikira.

"Alamu! Mwafika nthawi yanji?"

"Inu musanamete ndevu m'mawa muja."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kwa ndani? Msonkhano wanuwu uli ngati nkhuku yodulidwa mutu, ungothamanga."

Wadaziyo anaseka, kenako anachita manyazi. Anafotokoza kuti kuno saitana munthu. Uli ndi nkhani, umalemba pakapepala, umamata pakhoma, ofuna kukuthandiza amachonga. Ukaona kuti pamene wakhala sukupindulapo, umanyamuka, palibe wokwiya.

Amuna ake anamuuzapo zimenezi. Anakumbuka bwino lomwe, tsiku limenelo ankasita, ndipo anawauza kuti apatuke akumutchingira kuwala.

Analemba ndi zilembo zikuluzikulu za ku pulayimale: NDITSEGULIRENI AMUNA ANGA. Anamata pakati penipeni, pamwamba pa kapepala ka mapu. Anachonga anthu asanu ndi anayi.

Anazungulira tebulo. Mtsikana wina wamagalasi, dokotala wa zilankhulo amene malemu anamuphunzitsa, anayatsa laputopu ija.

"Mayi, pali kachiganizo kokumbutsa pasiwedi. Analemba kuti: dzina langa la kunyumba."

"Yesani 'bambo'," anatero wadazi.

Inakana. Anayesa "adadi", "aphunzitsi", "achikulire", mpaka "wokondedwa". Wina anati, "Kapena 'bwana'?" Wadazi anati, "Iyeyo bwana kunyumba? Simukuwaona alamuwa?" Anthu anaseka. Mayiyo sanaseke. Iye anali atadziwa kale yankho pamene mtsikanayo anawerenga.

"Mayi," anatero wamagalasi, "makinawa atsala pang'ono kutitsekera kunja. Inuyo munkawatchula chiyani?"

Akanatha kunama n'kukulunga thaulo lake. Koma Lolemba linali mkuja.

"Lembani kuti chidzete."

Mtsikanayo analemba pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti mabataniwo amuluma. Laputopu inatseguka.

Munali zambiri, nyimbo za asodzi, nthano za okalamba, koma pamwamba pa zonse panali foda yolembedwa kuti "Mayi a kunyumba". M'katimo munali ndandanda ya mawu mazana atatu ndi makumi anayi, lililonse ndi nambala yake, tsiku lake, ndi malo olembapo tanthauzo. Malo ambiri a tanthauzo anali opanda kanthu.

"Ndiye awa," anatero wadazi motsitsa mawu. "Chaka chilichonse ankamata kapepala kakuti 'Chilankhulo cha mkazi wanga, mwiniwake abwera kudzafotokoza'. Tinkachonga tonse. Nthawi ikakwana ankati mwatanganidwa, tidikire chaka chamawa."

Zoti amuna ake ankamujambula mawu, mayiyo ankadziwa. Anawaloleza yekha, amvekere, "Jambulani, mwina makinawo ali ndi makutu kuposa inu." Ankayesa ndi misala chabe ya anthu ophunzira.

Wamagalasi anamuyang'ana, mayiyo anagwedeza mutu, ndipo mtsikanayo anatsegula nambala sikisite. Mawu a mayiyo anadzaza chipinda, mapoto akulira kumbuyo: "Chidzete inu, mwakwatira mabuku, akuchapireni mabukuwo! Mukungoti nyomi apo ngati galu wagwa m'chitsime!" Chitseko chinamveka kumenyetsedwa. Kenako kunamveka kakuseka kaja ka m'mphuno, kamene mayiyo anali asanakamve miyezi inayi, ndi mawu a amuna ake, pafupi kwambiri ndi makina:

"Nambala sikisite, kuti nyomi. M'dikishonale iliyonse ndasowamo. Ndiwafunsa tanthauzo mtima ukatsika."

Anafunsadi, madzulo ake omwewo, atanyamula kabuku ndi pensulo. Iye anawayankha kuti akafunse madigiri awo.

Wina ananyamuka mwakachetechete n'kutuluka. Ulendo uno mayiyo sanaone ngati mwano.

Wamagalasi anakopera zonse pa kafulashi kosungira za pakompyuta, n'kukaika m'dzanja la mayiyo, n'kumupinda zala. Kanthu kochepa ngati chala cha mwana. Lolemba a ku yunivesite akafufute mmene angafunire.

"Alamu," anatero wadazi, "kwatsala ola limodzi tisanatseke. Ngati simukufuna, palibe wokakamiza."

Mayiyo anakoka mpando n'kuyandikira tebulo. Anapukuta maso ndi thaulo lija mwaukali, ngati akupukuta mbale.

"Iwe wamagalasi, lemba. Kuti nyomi ndi kuima chilili, wanyowa ndi manyazi, ukudziwa kuti walakwa koma pakamwa pakukanika."

Mtsikanayo analemba, n'kufunsa, "Tiike chitsanzo chanji?"

"Ika ine," anatero mayiyo. "Pita nambala ina."