Kagalasi Kachitatu

"Sikalowa aka," anatero a Mawotchi, uku akukankhira kagalasi katsopano pabowo la kumbuyo kwa telesikopu. "Ngakhale mukapake mafuta, sikalowa. Mwagula nsapato ya bambo, pomwe phazi ndi la khanda."

Chitsiriza anaima pakhomo pa kashopu kokonzeramo mawotchi ndi makamera, tepi yoyezera nsalu idakali m'khosi. Anali atasiya diresi la eni ake pamakina osokera, n'kunyamula telesikopu ya bambo ake ataikulunga m'katani yakale. Anthu onse ankamuitana Chitsiriza chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa, ngakhale kuti tsopano imvi zinali zitayamba kusuzumira m'mutu mwake.

"Koma wogulitsa uja anati timagalasi tonse n'chimodzimodzi," anayankha.

"Wogulitsa ntchito yake ndi kugulitsa, mayi. Tandibwerekani tepi yanuyo."

A Mawotchi anayeza bowo la telesikopu, napeza mamilimita 24 ndi theka. Anayeza khosi la kagalasi, napeza pafupifupi 32. Anafotokoza kuti matelesikopu akale a ophunzira ankabwera ndi bowo laling'ono, pomwe a masiku ano ndi a bowo lalikulu, ndipo timagalasi ta m'masitolo timapangidwira atsopanowo.

"Inu telala, munthu wodziwa chiuno cha mayi aliyense mumsewu uno, mwalephera kuyeza kabowo kamodzi? Safunsa anadya phula."

Chitsiriza sanaseke. Tsiku lina akanabweza chipongwecho, pakuti pakamwa pake sipankagona mawu, koma mwezi umenewo kuseka kunali kutamuthawa.

Bambo ake anali mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, ndipo mpaka lero anthu ankangowatchula kuti Aphunzitsi. Maso awo anali kutha. Dokotala anati si ng'ala yoti n'kupala, koma matenda odya kuwala kuyambira m'mphepete kulowera pakati, ndipo chomwe adya sichibwerera. Diso lamanzere linali litazima kale. Lamanja linatsala ndi kampata kakang'ono ngati bowo la batani, ndipo dokotalayo sanalonjeze kuti kampatako kadzafika kumapeto kwa chaka. Pochokera kuchipatala Aphunzitsi sanalire, sanadandaule. Anangopempha chinthu chimodzi.

"Unditsitsire bokosi lili pamwamba pa wadirobu lija. Ndikufuna ndione maenje a pamwezi kamodzi kokha, kenako mdima ubwere, ndiulandira."

Atatsegula bokosilo anapeza telesikopu ili bwinobwino, miyendo yake itatu ili yolimba, koma kagalasi koikapo diso katadyedwa ndi nkhungu. M'kati mwake munali mizere yoyera ngati ukonde wa kangaude, yosachoka ngakhale utapukuta tsiku lonse. N'chifukwa chake Chitsiriza anathamangira kusitolo yaikulu ya pafupi ndi siteshoni ya basi, n'kugula kagalasi kachiwiri komwe tsopano kanali kukana kulowa.

A Mawotchi anakatembenuza kagalasiko, n'kuwerenga nambala yolembedwa m'mbali. "Folo? Mwasankha ka folo, ka mamilimita anayi okha?"

"Anati nambala ikachepa ndiye kamakulitsa kwambiri. Maso a bambo ndi ofooka, ndiye ndinati nditenge kamphamvu koposa tonse."

"Apo ndiye mwaponda pena. Telesikopu yaing'ono ngati iyi singanyamule kukulitsa kotere. Kuwala kumachepa, chithunzi chimada, ndipo mukangoikhudza chimavina. Diso lofooka limafuna kuwala, osati kukula. Mukanatenga ka 25."

"Muli nako?"

"Ndilibe. Ndifunsa kwa anzanga, koma musayembekezere mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ili ndi nthawi, ine ndilibe," anatero Chitsiriza. "Bambo satulukanso kukada, amagwa. Mwezi womwe angauone ndi uwu woonekera dzuwa lisanalowe, ndipo uli sabata ino yokha. Chitanipo kanthu ndi kameneka."

A Mawotchi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, nasiya nthabwala. Anavundukula bokosi la zitsulo za makamera akufa, napeza kamphete ka mkuwa. Anakapala ndi tupa mpaka mbali imodzi inalowa pabowo la telesikopu, inayo n'kulandira kagalasi katsopano. Anachenjeza kuti sanayese ngati chithunzi chidzamveka bwino, koma Chitsiriza anali atayamba kale kukulunga katani yake.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lidakali pamwamba pa madenga, anaimika telesikopu pakhonde. Theka la mwezi linali m'mwamba, lotuwa ngati sopo wotsala. Aphunzitsi anatuluka atavala jekete ndi tayi, ngati akupita kukaphunzitsa. Anapapasa mpope wa telesikopu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, nayika diso lamanja pakagalasi. Zala zawo zinapotokola kachitsulo kowongolera chithunzi, pang'onopang'ono, mpaka kanafika pothera.

"Mbuu," anatero motsitsa mawu. "Ndikungoona mbuu. Tayang'ana iwe."

Chitsiriza anawerama. Nayenso anangoona chinthu choyera chosadziwika mutu wake, chikunjenjemera. Anapotokola uku ndi uku, koma palibe chinasintha.

"Inenso mbuu, bambo."

"Iwenso?" Aphunzitsi anawongoka, nkhope yonse itamasuka. "Ndiye kuti si maso anga! Ndi kagalasi kakoka!" Anaseka mpaka kutsokomola, kuseka koyamba chibwerere kuchipatala. "Mwana wa mphunzitsi wa sayansi, kugula kagalasi ngati akugula tomato. Kabweze, ukabwere ndi kenikeni."

Chitsiriza anaseka nawo, koma mumtima munali kuwawa. Anadziwa kuti sabata yomwe anaitaya chifukwa cha phuma lake sinali yake, inali ya diso la bambo ake.

M'mawa mwake a Mawotchi anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu. Anati kamphete kaja katalikitsa njira ya kuwala, moti kagalasi kakukhala kutali ndi pomwe chithunzi chimagwera, ndipo kachitsulo kowongolera kakuthera panjira kasanafike. Mankhwala ake anali amodzi: kudula mpope wa telesikopu, kuufupikitsa ndi zala ziwiri.

"Kudula? Bambo akamva andidula ine."

"Ndiye musankhe, mayi. Telesikopu yathunthu yosaona kanthu, kapena yodulidwa yoona. Koma dziwani kuti chodulidwa sichimeranso."

Chitsiriza anadziwa zimenezo kuposa munthu aliyense, popeza lumo linali chida chake cha tsiku ndi tsiku. Anatulutsa choko chake cholembera nsalu, nayeza kawiri, n'kujambula mzere wozungulira mpope. Anaugwira ndi manja onse awiri pamene a Mawotchi ankacheka ndi sowo, ndipo phokoso lake linkamulowa m'mano. Kunyumba sananene kanthu za kudulako.

Kagalasi ka 25 ndi komwe kanachedwa. Mnzawo wa a Mawotchi anati ali nako, kenako anati wakabwereketsa, kenako foni yake inasiya kuyankhidwa. Mwezi unakula, unayamba kutuluka mochedwa, n'kuchoka kumwamba kwa madzulo. Panalibenso chochita koma kudikira wina.

Masabata amenewo anali oipa. Lolemba lina Aphunzitsi anathira tiyi pambali pa kapu, n'kupitiriza kuthira mpaka anawaotcha pabondo. Tsiku lina anagunda mpando womwe wakhala pamalo omwewo zaka makumi awiri, nautukwana kuti wasuntha. Anasiya kuyang'ana wotchi yaikulu ya pabalaza, nayamba kufunsa nthawi. Koma m'mawa uliwonse, Chitsiriza akamatuluka kupita kosoka, funso linali lomwelo.

"Kafika?"

"Sikanafike, bambo."

"Usadandaule. Mwezi suthawa."

Chitsiriza ankatseka chitseko n'kuima kaye panja. Mwezi sunali kuthawa, inde, chomwe chinali kuthawa ankachidziwa onse awiri. Kuntchito anasoka mkono wa malaya chagada, naphwasula, nasokanso chagada. Akulu ake okhala kutali ankaimba foni n'kumulangiza kuti asamavutike ndi zidole pomwe bambo akufunika ndodo yoyendera. Iye ankangoti wamva, n'kudula foniyo.

Kagalasi kachitatu kanafika Lachinayi, katakulungidwa m'nyuzipepala, kokalamba koma koyera. A Mawotchi anatulutsa telesikopu pakhomo pa shopu, nailozetsa pamlongoti wa mafoni wa kutsidya kwa njanji. Chitsiriza atayang'ana anaona mbalame itatera pamwamba pake, miyendo ili m'mwamba mutu pansi, nthenga iliyonse ikuwerengeka.

"Yazondokatu," anatero.

"Zimatero zimenezi. Kumwamba kulibe kumutu kapena kumiyendo. Thamangani, mwezi wabwerera."

Anafika kunyumba thukuta lili kamukamu. Aphunzitsi atamva kuti kafika anapempha jekete ndi tayi, ndipo ulendo uno Chitsiriza ndiye anawamanga tayiyo, chifukwa zala zawo zinkasochera. Anawatsogolera pakhonde atawagwira pachigongono, n'kuwakhazika pampando. Kunja kunali kowala, kopanda mtambo, ndipo theka la mwezi linali pamwamba pa mtengo wa anansi.

"Yamba ndiwe," anatero Aphunzitsi. "Ulozetse bwino, ukawupeza undiitane."

Chitsiriza anasuntha mpope pang'ono, naika diso, napotokola kachitsulo. Choyera chija chinafinyikana, chinafinyikananso, kenako mwadzidzidzi mwezi unaima patsogolo pake. Panali maenje aakulu ndi aang'ono, ena m'kati mwa anzawo, lililonse ndi mthunzi wake, ndi mapiri ondondozana m'malire a kuwala ndi mdima. Ali mwana anayang'anapo mutelesikopu imeneyi, koma anali ataiwala. Mpweya wake unaima kaye, dzanja lili pakamwa.

"Bwerani, bambo," anatero pomaliza.

Anawaimiritsa, nawasendeza mpaka chikope chawo chinakhudza kagalasi. Aphunzitsi anayang'ana nthawi yaitali. Anapendeketsa mutu kumanja, kumanzere, kufunafuna ndi kampata kawo kaja. Anapotokola kachitsulo kutsogolo, nabweza, napotokolanso. Anapukuta diso ndi mpango, nayambiranso.

"Walozetsa bwino?"

Chitsiriza anasuzumira. Mwezi unali utasuntha pang'ono, choncho anaubwezera pakati penipeni. "Yesaninso."

Anayesanso. Njinga yamoto inadutsa mumsewu, ana a anansi anaitanidwa kukasamba, mthunzi wa mpanda unafika pamasitepe. Msana wa Aphunzitsi unayamba kunjenjemera chifukwa chowerama, koma sanachotse diso. Kenako dzanja lawo linasiya kachitsulo n'kugwera m'mbali.

Chitsiriza anamva mantha omwe sanawamvepo chiyambire. Anakumbukira momwe bambo ake anasekera mwezi wathawo, ndipo bodza linatuluka lokha asanaliganize.

"Kamenekanso n'kachabe, bambo. Inenso ndinangoona mbuu. A Mawotchi aja atipusitsa. Mawa ndikabweza, atipezere kena."

Aphunzitsi anawongoka pang'onopang'ono. Anapapasa mpope mpaka chala chawo chinapeza pomwe sowo inadutsa, nasisita pamenepo. Kenako anafunafuna mpando ndi dzanja, nakhala.

"Chitsiriza, mwana wanga," anatero, "zaka makumi atatu ndakhala ndikuimika ana kumbuyo kwa chinthu ichi. Ena ankanama kuti aona pofuna kundisangalatsa, ena ankaonadi. Sindinkafunsa. Woona ndinkamudziwira kupuma kwake. Mpweya umaima kaye." Anatembenuzira nkhope komwe ankaganiza kuti mwana wawo waima, koma anaphonya pang'ono. "Wako unaima. Ndinaumva."

"Bambo..."

"Usakabweze. Kagalasiko n'kabwino, ndipo amene anadula mpopewu anayeza bwino. Mwachita zonse. Ndachedwa ndine."

"Ndachedwetsa ndine," anatero Chitsiriza, misozi ili chuchuchu. "Ndikanayeza bowo lija tsiku loyamba, mukanaona mwezi watha uja."

Aphunzitsi sanamutsutse. Anali munthu wosadziwa kunama, ndipo onse awiri ankadziwa kuti mwezi watha wotchi ya pabalaza ankaiwerenga okha. Anangotambasula dzanja, iye n'kuligwira, nakhala choncho mpaka dzuwa linatsamira pamadenga.

"Vindikira kutsogoloko, fumbi lingalowe," anatero kenako. "Ukatha undimasule tayiyu. Ndipo mawa ukawaimbire akulu ako, uwauze atumize ndodo ija."

Chitsiriza anavindikira telesikopu, napinda miyendo yake itatu. Pamene ankatembenuka anapeza bambo ake ataimirira kale okha, akupapasa khoma kufuna chitseko chomwe chinali chotsegula pambali pawo.