Wotchi Yothamanga Lamulungu Lokha

A Cosmas Mkanda, oimbitsa kwaya patchalitchi chaching'ono cha kuseri kwa Namitete, ankadziwika ndi zinthu ziwiri: mawu okoma ndi kuchedwa. Kwaya inkayamba nyimbo yolowera iwo akadali panja, akutsamiritsa njinga pamtengo wa mango.

Mwana wawo Veronica, amene amagwira ntchito m'sitolo ya zovala mumzinda wa Lilongwe, anawagulira wotchi. Sinali ya pamsika ayi. Inabwera m'kabokosi kokhala ndi kapilo mkati, lamba wake wachikopa, m'mbali monyezimira ngati golide, ndipo pansi pa galasi panalembedwa dzina la kampani yakunja yotchuka ndi zovala zodula. Kuyambira tsiku limenelo a Cosmas ankapinda manja a malaya ngakhale kuzizire bwanji.

Lamulungu loyamba anapalasa njinga mwaliwiro poganiza kuti achedwa, koma anakapeza chitseko cha tchalitchi chili chotseka. Anthu pofika anawapeza atakhala pakhonde, ndipo mayi wina anawafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta.

Madzulo anaiyerekeza ndi wailesi. Wotchi inali itatsogola ndi mphindi makumi anayi. Anaikonza, ndipo inayenda bwinobwino sabata yonse. Lamulungu linalo, zomwezo. Lachitatu lake, zomwezonso.

Mtima unawawawa. Kodi ogulitsa anamupusitsa mwana wawo, kumugulitsa chinthu chabodza? Lolemba anakwera njinga kupita pa Namitete kwa a Tobias, amene amakonza mawotchi pakhonde la golosale ina.

A Tobias anatsegula kumbuyo kwa wotchiyo, anaika kagalasi padiso n'kusuzumira.

"Ndi yeniyeni, bambo, musadandaule. Kungoti mtengo wake wambiri uli pa dzinali. Injini yake ndi wamba, koma ndi yabwino, ndipo batire likadali ndi moto." Ananunkhiza lamba uja n'kukwinya mphuno. "Koma mumapita nayo kumunda, eti?"

"Mwa apo ndi apo."

"Lekani. Thukuta limadya chikopa, komanso golide uyu ndi wongopaka, adzasupuka. Muziipukuta ndi kansalu kofewa. Popopera mankhwala m'fodya, ivuleni. Nanga posamba?"

"Ndimavula. Ndimaisiya patebulo."

"Ndiye mukuti imathamanga liti?"

"Lamulungu lokha."

A Tobias anachotsa kagalasi kaja padiso n'kuwayang'ana. "Ndakonza mawotchi zaka makumi awiri, koma sindinaonepo wotchi yodziwa tsiku la mapemphero. Mukamasamba, m'nyumbamo mumatsala ndani?"

A Tobias anabwezeretsa chitsekerero, phewa likugwedezeka ndi phwete.

Kunyumba anapeza akazi awo, a Benedeta, akusenda mtedza pamkeka.

"Amake Vero, akatswiri akuti wotchi yanga ili ndi matenda a zala."

"Zala za ndani?" anafunsa a Benedeta osadzutsa mutu.

"Ndi zimene ndabwera kudzafunsa."

A Benedeta anaponya makoko m'lichero. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikumva amayi anzanga akunong'onezana kuti aphunzitsi a kwaya ali kuti. Masabata atatu awa ndapemphera mtima uli m'malo. Kabatani kam'mbalika anandionetsa ndi Vero mwiniwake, tsiku lomwe anabwera nayo."

"Vero?"

"Kodi mumayesa anakugulirani kuti muzingowalitsa mkono?"

A Cosmas anayesa kukwiya koma sizinatheke. Anakhala pansi n'kuyamba kudya mtedza wosenda kale, mpaka a Benedeta anawamenya padzanja.

Lamulungu lotsatira anavula wotchi, anaipukuta bwinobwino ndi kansalu monga anawauzira a Tobias, n'kuisiya patebulo pomwe paja. Kubafa anasamba mosafulumira, akuimba mokweza kuti m'nyumbamo adziwe kuti sanamalize. Potuluka anaitenga n'kuyang'ana. Inali itatsogola ndi ola lathunthu.

"Amayi, koma lero mwaonjeza."

"Lero kukubwera abambo mfumu kudzachita Misa," anayankha a Benedeta akumanga duku. "Tulutsani njinga, mundikweze."