Chigayo cha Nthunzi cha Malemu Lazarus

Sibongile anali atatunga madzi, kuchapa matewera, kusesa pabwalo ndi kumangirira mbuzi pamene anapeza kuti nkhuni zonse zapita. Sanafunse. Utsi unkafuka kuseri kwa khola, komwe mwamuna wake Mfundo ankasonkhezera moto pansi pa mgolo.

Chinali chigayo cha nthunzi cha malemu a Lazarus, bambo ake a Mfundo. Iwo anabwerako kumigodi ya ku Joni ndi chifuwa chosatha komanso loto limodzi. Ankati makina akale oyendera nthunzi aja anthu anawataya msanga. Bwenzi lero ngolo za mbatatesi zikutsika ku Tsangano zopanda ng'ombe, bwenzi ndege zikungodya nkhuni ndi madzi. Anamwalira atangolumikiza mgolo, mapaipi ndi matcheni a njinga. Mfundo analumbira kuti achimaliza.

"Bambo a Tikondwe, kodi lero tidya nthunzi? Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero Sibongile.

"Chikangozungulira, woyamba kuvina mukhala inuyo," anayankha Mfundo.

Madzi atawira, kapaipi kapamwamba kanayamba kulira. Fwii, kenako kutsamwa, fwii. Sibongile anakuzindikira kulirako. Umu ndi momwe apongozi ankapumira m'masiku awo omaliza, iye akuwamwetsa phala. Mfundo nayenso anamva, nkhope inagwa. Anatola chitsononkho n'kuchikhomera m'kapaipimo ndi mwala.

Kunangoti zii. Sibongile anamuuza kuti achotse, poti ngakhale mphika wa nyemba umafuna popumira. Mfundo sanacheuke.

"Ndinawamva akuvutika mokwanira. Asiyeni apumule."

Mwana wawo Tikondwe anali akukwawira kumotoko. Sibongile sanalimbane nayenso mwamunayo. Ananyamula mwana ndi dzanja limodzi n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe, uku akuitana mwamuna wake. Mfundo anali atangosendera pang'ono pamene mgolo unaphulika.

Atabwerako kuchipatala, Sibongile anakhala pakhonde n'kuona zomwe zinapita: nkhuni zomwe akanaphikira sabata yathunthu, mgolo womwe ukanasunga madzi, nkhuku ziwiri zopsa ndi madzi otentha, khungu la pamkono wa Mfundo, ndi khutu lake lakumanzere, lomwe adokotala anati silidzamvanso. Zitsulo zotsala anapatsa wogula zitsulo zakale, osafunsa munthu.

Koma Mfundo akuti khutu logonthalo likumvabe chinthu chimodzi. Fwii, kenako kutsamwa, fwii.