Mabala Okana Kupola

Bala la Zipora linayamba kutuluka mafinya asanachire n'komwe ululu wa opaleshoni yobereka. Posakhalitsa la mayi wa pabedi loyandikana nalo linayambanso. Mankhwala amene ankadalira pachipatala chaching'onocho, cha kufupi ndi Mitundu, sankaphula kanthu. Adokotala anati ndi kachilombo kosamva mankhwala, koyenda ndi manja a anthu.

Ntchito yonse inagwera Everlyn, namwino wamkulu wa wodi ya amayi. Anapatula odwalawo m'kachipinda ka kumapeto, n'kuika ndowa ndi sopo pakhomo. Manja ake anachita kung'aluka ndi kusamba. Tsiku lonse linkathera kukangana ndi odikirira odwala.

"Amayi, beseni limenelo musabwerekane ndi anzanu."

"Ndiye mnzanga akasowa ndimumane, anesi?" anafunsa a Idesi, apongozi ake a Zipora.

Everlyn anangolanda besenilo n'kukalitsuka yekha.

Kenaka kunabwera anthu a ku labu kuchokera ku Lilongwe. Anapisa kathonje m'mphuno mwa aliyense wogwira ntchito m'wodimo. Zotsatira zitafika, adokotala anaitanira Everlyn mu ofesi.

"Asisitala, khalani pansi. Kachilombo kaja takapezanso mwa inu."

"Mwa ine? Inetu sindikudwala."

"Kamatha kungokhala m'mphuno osakudwalitsani. Si mlandu wanu. Tengani mankhwala opakawa, mukakhale kaye kunyumba."

Everlyn anayang'ana zala zake. Mabala onse aja ankatsuka ndi iyeyo.

Everlyn akutuluka ndi chikwama, a Idesi, omwe ankayanika matewera pansi pa mtengo, anamuona.

"Mwaweruka dzuwa lili pamutu lero?"

"Andipumitsa, amayi. Nanenso ndili nako kachilomboko. Mwina ndine ndinapatsira mpongozi wanu."

A Idesi anafinya thewera lina, n'kuliyanika bwinobwino.

"Kaya. Pitani mukagone, mwanawe. Maso alowa m'kati awo."

Kwawo ku Nathenje anagonadi, osafuna ngakhale kuyatsa foni.

Atamuyezanso n'kumupeza alibe, anabwerera kuntchito. Zipora anali atatuluka, akuyenda chowerama koma bala litauma. Mayi winayo anali atamutumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko sanabwereko wamoyo.

Everlyn asanavale n'komwe yunifolomu, namwino mnzake Maness anasuzumira pakhomo.

"Mwabwera bwino, asisi. Kwayambikanso ku wodi ya abambo."

Everlyn anakhala kaye pabenchi pang'ono. Kenaka anafunsa ngati madzi akutuluka kumpopi.