Ka “Si” ka Enifa

Augustine sanali munthu woipa ayi, vuto lake linali kudzimva. Chiikireni pafoni pake kapulogalamu kophunzitsa kuwerenga mwaliwiro, Amalawi a ku Telford sanapume. Kanthuko kankaponya mawu limodzilimodzi, phethiphethi, ndipo pakati pa liwu lililonse pankakhala chilembo chofiira choti diso lizingoyang'ana pomwepo. Mwezi woyamba anafika pa mawu 400 pa mphindi, wachitatu 900. Ankati wamaliza mabuku asanu ndi limodzi sabata imodzi. Ukamufunsa kuti mabukuwo akunena za chiyani, ankayankha kuti za moyo basi.

Amene ankavutika kwambiri anali Elijah, mnzake wokhala naye nyumba imodzi, woyendetsa fokolifiti pa weyahausi yomwe Augustine ankagwira mu ofesi. Elijah ankawerenga ndi chala, milomo ikugwedera. Augustine ankamuseka kuti akamamaliza kuwerenga deti ya pa botolo la mkaka, mkakawo umakhala utasasa kale.

Koma nayenso Augustine anali ndi pomwe ankachedwa. Zaka ziwiri zathunthu ankangomuyang'ana Enifa, namwino wa pachipatala cha ku Bordesley Green, yemwe ankaimba naye kwaya kutchalitchi. Ankamukonda zenizeni, moti mtsikanayo akalowa, iye ankasochera nyimbo. Tsiku lina atatuluka m'mapemphero analimba mtima n'kumufunsira banja poimika magalimoto, mawu onse mpweya umodzi ngati akulengeza maliro. Enifa anaseka, n'kunena kuti nkhani yotere sayankhira pamvula, amulembera.

Uthenga unafika Lachitatu masana, wautali ngati kalata ya kumudzi. Munthu wanzeru akanakhala pansi. Augustine anaukopera mu kapulogalamu kaja, n'kutchera pa 900. Masekondi khumi ndi asanu, basi watha. Anatolapo mawu angapo: “ndaganiza”, “kukana”, “anti”, “Telford n'kutali”. Kapulogalamuko kanamupatsa nyenyezi zitatu zomuyamikira, iye mtima utasweka.

Sanayankhe. Anatuluka m'gulu la kwaya la pa WhatsApp, n'kuika chithunzi cha kandulo pomwe panali nkhope yake. Achibale a ku Ntcheu anayamba kuimba foni kufunsa kuti wamwalira ndani. Masiku anayi ankangodya buledi wouma, ati chakudya sichikulowa, ngakhale Elijah anaona kuti soseji za m'firiji zikuchepabe.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Elijah atabwerako anamupeza atadzikulunga m'bulangete pampando, ndipo anamufunsa chomwe chamudya. Augustine anangomupatsa foni kuti adzionere yekha mmene akazi alili ankhanza. Elijah anakhala pansi, anapukuta chala pa thalauza, n'kuyamba. Mphindi zinadutsa. Augustine anausa moyo kawiri, kachitatu anafunsa ngati amubweretsere pilo. Kenako mapewa a Elijah anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

“Amwene, mumati mumawerenga ma words angati pa minute?”

“Nine hundred. Bwanji?”

“Ndiye mwa nine hundred amenewo mwaskipa zilembo ziwiri zokha. Taonani apa.”

Chala chinali pa liwu limodzi: sindikukukanani. Kanthu kaja anakapangira mawu aafupi a Chingerezi. Liwu la Chichewa ndi lalitali ngati sitima ya katundu, ndiye chilembo chofiira chinagwera pakati, pa “kukana”, ka “si” n'kutsalira kunja. Enifa sanakane. Anati Telford n'kutali, koma adzazolowera. Ndipo kumunsi, komwe maso a Augustine anadutsa ngati mphepo, analemba kuti abwere Lamulungu 2 koloko kwa anti ake a Dinnah ku Longbridge kuti akaonekere, ndipo akapanda kubwera adzadziwa kuti ankangocheza.

Nthawi inali itadutsa hafu pasiti wanu. Ulendo wa ku Longbridge ndi wa pafupifupi ola. Augustine anavala suti pamwamba pa malaya ogonera. Elijah ndiye anayendetsa, ndipo ankayendetsa monga momwe amawerengera, kulemekeza chikwangwani chilichonse. Augustine atayamba kudandaula, Elijah anangomuuza kuti liwiro lawathandiza kokwanira sabata ino. Foni ya Enifa inali yozimitsa.

Anafika 3 koloko itatsala pang'ono. Anti a Dinnah, mayi wamtali amene wakhala pa unamwino zaka makumi awiri, anatsegula chitseko n'kuyang'ana kaye kolala ya malaya ogonera ija. Mkati, mbale zinali zitavundikiridwa. Enifa anakhala pakona, maso otupa, osamuyang'ana n'komwe. Apa Augustine mantha anamugwira kuposa manyazi, chifukwa anaona kuti akhoza kumutaya ndithu.

Anayamba kufotokoza za kapulogalamu, za chilembo chofiira, za kafukufuku wa kayendedwe ka maso. Anti anamudula. Anati mwana wawo anaona kuti uthenga watsegulidwa, kenako anaona kandulo, ndiye iwo amafuna adziwe ngati kukwatira mwana wawo ndi maliro. Atamva nkhani yonse kwa Elijah, sanaseke. Anakoka mpando n'kuuika pakati pa balaza.

“Khalani apa, bambo. Muwerenge message yonseyo mokweza, ndi chala, ngati Standard Two. Mukaskipa liwu limodzi, mukuyambiranso.”

Munthu wa madigiri awiri anakhala pansi, anaika chala pafoni, n'kuyamba. Anayambiranso kawiri. Koma m'kati mwa kuchedwako anayamba kupeza zinthu zomwe sanazione. Enifa analemba za tsiku lomwe Augustine anamudikirira maola awiri kunja kwa chipatala basi zitasiya kuyenda chifukwa cha chipale chofewa. Analemba kuti amadziwa kuti iye amasochera nyimbo akalowa, ndipo nthawi zina ankachedwa dala. Analembanso kuti mayi ake asanamwalire anawauza za mnyamata wina wa ku Ntcheu wolankhula mothamanga. Pamenepa Elijah anayang'ana kudenga.

Atafika pa liwu lija anaima, n'kuliwerenga ngati mwana wa sukulu: “Si… ndi… ku… ku… ka… na… ni.”

Enifa anadzutsa mutu koyamba.

“Ndinalemba masiku atatu, pa ma break anga onse. Inu fifteen seconds.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Bwerezani pamenepo, Augustine. Pang'onopang'ono.”

Anabwereza. Anti a Dinnah anapita kukavundukula mbale, n'kumukumbutsa ali kukhitchini kuti kwatsala ndime zinayi.